Liwiro la Kagalimoto ka Mphete

Pa Chileka anthu ankadziwa kuti ukapita ndi wailesi yakufa kwa a Solomon usayembekeze yankho tsiku lomwelo. Ankailandira, n'kuitembenuza, n'kuikhudza apa ndi apo ndi timawaya tiwiri ta mita yawo yachikasu, kenako n'kukuuza kuti ubwere mkucha. Masamu anaphunzira atamera kale ndevu, kusukulu ya madzulo, atakhala padesiki limodzi ndi ana a anzawo. Mwina n'chifukwa chake ankawapatsa ulemu wotere. Chinthu chimene sanachiyeze, a Solomon sankachiikira kumbuyo.

Mchemwali wawo, a Eunice a ku Lirangwe, atabwera kudzanena kuti mwana wawo Lenia wapeza banja, ndipo kuti iwo monga atsibweni ake ndiwo akhale nkhoswe, a Solomon anavomera pomwepo. Sanakayike n'komwe. Iwo mwana analibe. Lenia anamulera okha kuyambira Sitandade 5, bambo ake atamwalira, ndipo ankawerenga naye patebulo limodzi, uyu za pulayimale, awa za Fomu 4. Kukhala munthu amene Lenia azidzathamangirako m'nyumba mukavuta, ndi ulemu wokhawo umene a Solomon anaulakalakapo pamoyo wawo, ngakhale sanauzepo munthu.

Mnyamata wake anali Pemphero, kalaliki pa ofesi ina mu Limbe, mwana wa a McDonald, mkulu wa mpingo amene anapuma pa uhedimasitala. Kwa a McDonald kunali kwa anthu a mataye, ophunzira kumishoni kuyambira agogo awo. Kwa a Eunice kunali kwa makasu. Palibe amene ankazinena poyera, koma aliyense ankazimva m'kaperekedwe ka moni.

Vuto linadza ndi lamya ya m'manja. Pemphero anaonera pamenepo mnyamata wina wa kunja akutumiza mphete kwa bwenzi lake pa kagalimoto ka rimoti, ndiye naye anafuna zomwezo pa chinkhoswe chake. Mnzake wina anali atabwera nako kagalimoto kotero kuchokera ku Joni, kogwirapo kale ntchito, kotalika ngati mkono kuchokera m'chigongono, ka matayala ngati mandasi. Kanabwera ndi mabatire awiri, latsopano ndi lakale.

A McDonald atakaona anavala magalasi, n'kuwerenga pabokosi mokweza ngati akuwerenga zolengeza zakutchalitchi: makilomita 30 pa ola. Anati limenelo ndi liwiro la kabaza wa njinga yamoto pamsewu wafumbi, ndipo iwo sangalole kuti chidole chothamanga chonchi chilowe pakati pa miyendo ya abusa ndi amayi a Mvano. A Martin, mlamu wawo amene anali nkhoswe ya kuchimuna, anavomera. A Solomon nawonso mumtima ankavomera. Koma anaona nkhope ya Lenia, momwe anaweramira n'kuyamba kutokosa mphasa ndi chikhadabo, monga ankachitira ali mwana akamanidwa chinthu n'kulephera kupempha kachiwiri. Anapempha kuti awapatse kagalimotoko sabata imodzi.

Sabata imeneyo anthu opita kumunda m'mawa anaona zachilendo pabwalo la mpira la sukulu. Unali mwezi wa Julaye, kukuzizira mpaka mpweya kuoneka potuluka m'kamwa. A Solomon, atavala juzi ndi chipewa, anamangirira mita yawo pamsana pa kagalimotoko ndi malegeni, ndipo ankathamanga pambali pake ataweramira pansi, rimoti ili m'manja, maso ali pa manambala. Amayi ena anakauza anzawo kuchigayo kuti mawailesi aja awasokoneza mutu tsopano.

Chimene ankafuna kudziwa chinali chimodzi. Zolemba pabokosi n'zoona ngati batire likupereka mphamvu yake yonse, mavoti 7.2, kagalimoto kali mkati mothamanga. Batire latsopano linkaterodi, ndipo tsiku loyamba linawasiya kutali moti anakatola kagalimotoko m'tchire kuseri kwa golo. Koma lakale linali ndi khalidwe lina. Likakhala phee, mita inkaonetsa 7, ngati lamphamvu. Ukangokanikiza rimoti mpaka kumapeto, manambala aja ankagwa ngati mango, n'kukaima pa 2.4. Linali ngati munthu wonenepa amene umamuopa ali pampando, koma ukamusenzetsa thumba la chimanga mawondo amagwedera.

Anakhala pansi n'kulemba m'kope. Mavoti 2.4 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 7.2. Ndiye kuti liwiro nalo likhala gawo limodzi mwa atatu a 30, omwe ndi makilomita 10 pa ola. Sanakhulupirire kope lokha. Anayeza mamita 100 ndi chingwe, n'kuwerenga nthawi pa wotchi: masekondi 36. Anabwereza m'mawa kasanu, batire atalitchaja, atalipumitsa, ataligoneka usiku wonse. Sizinasinthe.

Atabwerera kwa a McDonald anafotokoza zonse mwadongosolo. A Martin anafunsa mwachipongwe ngati mavoti akunenedwawo ndi a khansala kapena a phungu, anthu n'kuseka, koma a Solomon anadikira kuti kuseka kuthe ndipo anapitiriza pomwe analekeza. Anati ndi batire lakale, ngakhale Pemphero atanjenjemera dzanja n'kukanikiza rimoti yonse, kagalimotoko sikangapose munthu wothamanga pang'onopang'ono, moti mwana akhoza kukagwira. Batire latsopano alisunga iwo eni m'thumba la jekete mpaka mwambo utatha.

A McDonald anayang'ana kopelo nthawi yaitali. Masamuwo analibe cholakwika, ndipo zinaoneka kuti zimenezo zinawanyansa pang'ono.

"Chabwino, a Solomon. Koma nkhoswe ndi mawu ake. Mawu anu akagwa tsiku loyamba pamaso pa anthu, ife tidzapempha kuchikazi kuti atipatse munthu wina."

A Solomon anati amva, ndipo n'zoyenera.

Loweruka la chinkhoswe anakwera minibasi yoyamba, n'kufika ku Lirangwe mame asanaume. Pakhomo pa a Eunice panali posesa mpaka kuoneka mizere ya tsache. Anyamata ankadzutsa tenti yobwereka kutchalitchi. A Solomon analowa m'chipinda cha mchemwali wawo, n'kuika kagalimoto pawindo, batire lakale pambali pake. Analiyezanso komaliza, ndipo mokhutira anati kwa a Eunice, amene ankafunafuna chitenje m'sutikesi: "Ili ndiye lafookeratu, achemwali. Mulibe kanthu m'menemu." A Eunice anacheuka, n'kuyang'ana batirelo. Kunja munthu anaitana kuti alendo a kuchimuna afunika malo oimika galimoto, a Solomon n'kutuluka. Kuyambira pamenepo sanapezenso mpata. Ntchito ya nkhoswe tsiku lotere ndi kuyenda pakati pa magulu awiri a anthu amene akumwetulirana.

Pofika 2 koloko kuzizira kwa m'mawa kunali kutaiwalika, dzuwa likuwotcha pakhosi. Anthu anakhala mbali ziwiri, pakati n'kusiya kanjira koyambira pachipata cha mpanda kukafika pamtengo wa mango, mamita makumi awiri, amene a Solomon anayeza ndi mapazi awo. Pansi pa mtengowo panakhala Lenia. Chapambali pake panali nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo, zikudikira nthawi yake: tambala wofiira wochokera kuchimuna ndi msoti wa kuchikazi. Mphete ikavekedwa, a Martin amayenera kupereka tambala kwa a Solomon, a Solomon n'kupereka msoti kwa a Martin, ndipo kuyambira pomwepo awiriwo ndiye ankhoswe, anthu onse ali mboni.

Woyendetsa mwambo analengeza kuti mphete ikubwera m'njira imene Lirangwe sanaionepo. Pemphero anaima pachipata atavala malaya ofanana ndi diresi ya Lenia, n'kuika kagalimoto pansi, kabokosi ka mphete atakamata pamsana pake ndi selotepi. Achinyamata anakweza mafoni. A Solomon anagwira thumba la jekete, n'kumva batire latsopano lili momwemo, mtima n'kukhala pansi.

Pemphero anakanikiza rimoti.

Phokoso lake ndi limene linayamba kuwauza a Solomon kuti zalakwika. Silinali kung'ung'udza kotopa kumene anakuzolowera pabwalo la mpira. Linali kulira kosongoka, ngati makina ometera. Matayala anakanda dothi, fumbi n'kuwaza nsapato za abusa, ndipo kagalimotoko kanadutsa pakati pa anthu ngati kaponyedwa ndi legeni. Mayi wina anakweza miyendo yonse m'mwamba pamodzi ndi mwana amene anali pamiyendopo. Pemphero, m'malo mosiya rimoti, anaifinya kwambiri. Kagalimoto kanaphonya phazi la Lenia ndi chikhatho chimodzi, kanagunda muzu wa mango, kanadumpha, n'kukatera pakhosi pa tambala uja, amene chifukwa chomangidwa miyendo sakanatha kuthawa.

Tambalayo anakupiza mapiko kangapo, kenako analeka.

Nyimbo inkalirabe m'zimkuzamawu mpaka wina anakazimitsa. Pamenepo kunamveka mbuzi ya kwa aneba ikulira, basi. Mayi wina amene anali atayamba kale nthungululu anatsala pakamwa pali yasa. Kagalimoto kanagona chagada, tayala limodzi likuzungulirabe, kabokosi ka mphete kali pomwepo, bwinobwino. Lenia sanalire. Ankangoyang'ana tambala, kenako atsibweni ake, kenako tambala.

Kumbali ya kuchimuna kunayamba manong'onong'o. Anthu ake anali opemphera, moti mawu akuti malodza palibe anawatchula mokweza, koma ankayenda m'mizere ya mipando ngati mbale ya chopereka. Tambala ndiye mwamuna. Tambala wafa asanaperekedwe, wafera pakhomo pa mkazi. Azakhali ake a Pemphero anatola chikwama chawo n'kuchiika pamiyendo, monga amachitira munthu woti anyamuka.

A McDonald anaimirira n'kupempha kuti akuluakulu a mbali zonse alowe m'nyumba.

A Solomon anatsalira pang'ono kuti atole kagalimoto. Maganizo oyamba amene anawafikira anali akuti Pemphero wagula batire lina mobisa. Anawakankhira pambali maganizowo, chifukwa anali asanaone. Anatsegula kachitseko ka pansi. Batire linali lomwe lija, lakale, lokhala ndi kamtanda kamene analemba okha ndi bolopeni. Atalikhudza anabweza dzanja. Linkatentha ngati mbatata yochokera paphulusa, ndipo pepala la pamwamba pake linali litamatuka m'mbali, guluu atasungunuka. Batire limatentha likagwira ntchito, inde, koma osati chonchi, osati pa kamphindi kameneka.

Anapempha mtsikana wina amene ankajambula kuti awaonetse kanemayo. Kuchokera pachipata kukafika pamango, masekondi atatu. Mamita makumi awiri m'masekondi atatu ndi makilomita 24 pa ola. Ndiye kuti batire lija, limene m'mawa uliwonse linkagwa mpaka 2.4, lero linaima pafupifupi pa 6. Ataima pomwepo, kagalimoto kali m'khwapa, anakumbukira wailesi ya malemu bambo awo. Mabatire ake akafooka, ana ankatumidwa kukawandanda pamwala wa kuseri kwa nkhokwe kuti awombedwe ndi dzuwa, ndipo madzulo wailesi inkayankhulanso mpaka uthenga wa maliro utatha. Amene ankakonda ntchito imeneyo, mpaka kumawatembenuza mabatirewo ngati akuwamba nsomba, anali Eunice.

Batire lotentha silivutika kutulutsa mphamvu ngati lozizira. A Solomon zimenezi ankazidziwa, zinali m'buku lawo la kusukulu ya madzulo. Koma kasanu konse anayeza m'mawa, kukuzizira, ndipo m'kope lonse munalibe mzere wa dzuwa.

M'nyumba anapeza a McDonald atakhala pampando wokhawo wa ndalema, a Martin pambali pawo, Pemphero ataima pakhomo la kuchipinda ngati mwana wa sukulu. A Eunice anali pamphasa pakona, manja ali pamiyendo, akuyang'ana pansi. A Martin ndiwo ankayankhula. Anati iwo sanabwere kudzanyoza munthu, koma mawu ananenedwa, kope linaonetsedwa, mavoti anawerengedwa, ndipo zotsatira zake aliyense waziona. Tambala wina akhoza kupezeka, koma kuchikazi kupereke munthu wina woti amulandire.

A Solomon anaona kuti njira yodzipulumutsira ilipo, ndipo ndi yaifupi: kuika batire lotenthalo m'manja mwa a McDonald n'kufunsa kuti analianika ndani. Koma yankho likanatuluka pakona paja, pamaso pa anthu amene kale ankayang'ana makoma a nyumbayo ngati akuwerenga ming'alu. Ndipo Lenia akanalowa m'banja limenelo ali mwana wa mayi amene anapha tambala ndi umbuli.

Anati masamu awo anasiya chinthu chimodzi, ndipo kulakwako n'kwawo. A McDonald anafunsa kuti chinthu chanji. A Solomon anati zimenezo sizibweza tambala, ndipo monga anagwirizana, iwo atula pansi.

"Achimwene, musandibise ngati ndine mwana."

A Eunice sanadzutse mutu ponena zimenezi. Anafotokoza motsitsa mawu kuti anamva achimwene awo akudandaula kuti batire lafooka. Iwo pachinkhoswe chimenechi sanabweretse tenti, sanabweretse zimkuzamawu, ndiye anaganiza kuti kagalimoto ka mwana wawo kakafera pakati pa njira alendo akuona, manyazi ake sangawathe. Anatenga batirelo n'kukaliika padenga la khitchini, pamalata, monga amachitira ndi a tochi. Koma anawonjezera kuti pali chimodzi chikuwadabwitsa: atapita masana kuti akalitenge, sanalipeze. Ankaganiza kuti achimwene awo ndiwo analichotsa.

A Solomon anati iwo sanalione n'komwe.

A Martin anayang'ana Pemphero, poti ndiye anaika batire m'kagalimoto, n'kumufunsa kuti analitenga kuti. Maso a Pemphero anapita kumpando wa ndalema, n'kubwerera msanga pansi, koma onse anali ataona kale.

A McDonald anavula magalasi. Anawapukuta ndi taye, chinthu chimene akazi awo sakanalola akanakhalapo.

"Pamalata paja, asebele, panali patafika mthunzi wa mango."

Anapitiriza, mawu a uhedimasitala aja atawathawa. Anati atafika cha m'ma 11 anapita kuseri kukasamba m'manja, n'kuona batire padenga, n'kulizindikira. Anaona kuti amene analiikapo anaganiza bwino, koma dzuwa linali litasuntha. Iwonso usiku wonse ankaopa chomwecho, kuti chidolecho chikaima pakati pa anthu, abusa akuona. Ndiye analitenga n'kukaliika m'galimoto mwawo, pansi pa galasi la kutsogolo, mawindo onse atatseka, maola atatu. Nthawi itakwana analipereka kwa Pemphero.

A Martin anawayang'ana mlamu wawoyo ngati akumuona koyamba. Anafunsa ngati akutanthauza kuti iwo, munthu amene anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, amaanika mabatire. A McDonald anati mabatire aliyense amaanika, ndipo rimoti ya kanema kunyumba kwawo ikugwira ntchito mpaka lero chifukwa cha windo la kukhitchini. Anatembenukira kwa a Solomon n'kufunsa, mosanyoza tsopano, ngati kutentha kokha kungathedi kuchita zimenezi. A Solomon anawapatsa batire lija kuti alikhudze. Linali likadali lofunda.

Batire linayenda m'manja kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo. Kunja mwana wina ankalira, ndipo woyendetsa mwambo ankayesa kuyambitsa nyimbo ya kwaya imene anthu ochepa okha anailandira.

Amene anayamba kuyankhula za tambala anali a Martin. Anati atume munthu kwa aneba akagule wina, anthu asadziwe zambiri. A McDonald anati anthu aona kale, ndipo kubweretsa tambala wachiwiri kuli ngati kuvomera kuti woyambayo anali ndi tanthauzo. Kenako, osayang'ana munthu kumaso, anati funso limeneli ndi la ankhoswe, ndipo nkhoswe ya kuchikazi ili pomwepo, inene.

A Solomon anamva bwinobwino chimene chanenedwa, koma sanafulumire. Anafunsa a Martin kuti tambala akaperekedwa kuchikazi ntchito yake imakhala yotani. A Martin anati amaphedwa, achibale n'kudya. A Solomon anati ndiye kuti uyu wangofulumira ndi maola awiri, ndipo popeza mbali zonse ziwiri zathandizana kumupha, iwo amulandira yemweyo.

Atatuluka, anthu anasiya kuyimba. Pemphero anamatula kabokosi pamsana pa kagalimoto, n'kuyenda wapansi mamita makumi awiri aja, n'kugwada. Anamuveka Lenia mphete ija. Kenako a Martin anawerama, n'kunyamula tambala wakufa ndi manja awiri, mutu uli lende, n'kuyenda naye pakati pa bwalo. Azakhali aja anagwira pakamwa. Abusa anayang'ana a McDonald, a McDonald anayang'ana kutsogolo.

A Solomon anatambasula manja onse awiri, anapinda mawondo pang'ono monga mwa ulemu, n'kulandira. Anapereka msoti, umene unkapalapata ndi kukuwa, a Martin n'kuukumbatira pachifuwa. Kwa kanthawi panalibe anawomba m'manja. Kenako kuchokera kukhomo la nyumba kunamveka nthungululu imodzi, yosasa, ya a Eunice, ndipo amayi a ku Lirangwe anailandira, a Mvano n'kutsatira mochedwerapo.

Lenia anadzuka pampando wake, ngakhale mwambo sunkamulola, n'kudzagwada pamaso pawo. Anafunsa motsitsa kuti, "Atsibweni, ndiye zatheka?" A Solomon anati zatheka, abwerere akakhale pansi anthu akuona. Anaima pomwepo dzuwa likuwawotcha, tambala ali m'khwapa, akadali wofunda, magazi pang'ono akudontha kuchokera kumlomo kwake n'kumagwera pathumba la jekete momwe munali batire latsopano.